Dzina la Mlongo Wanga pa Vani ya Bambo

Lolemba, 3 Novembala

Lero ndapsa mtima mpaka sipanala kundipulumuka m'manja kawiri.

Anandiitana ku butchala yatsopano ya kuseri kwa msika, chipinda chawo chozizira chasiya kuzizira. Ndafika ndi vani, ndatsitsa botolo la gasi ndi bokosi la zida. Mwini butchala watuluka, wayang'ana ine, wayang'ana chitseko cha kumbuyo kwa vani, n'kuwerenga mokweza mayina awiri ali pamenepo. Ati, "Nanga eni ake ali kuti, mayi?" Ndati amene mwamuitana ndine. Ati, "Ayi, makina anga sagwiridwa ndi wotumidwa. Muwaimbire abambo alembedwa apawa."

Dzina lapamwamba ndi la Bambo, amene maso anafooka, zaka zinayi tsopano sagwira waya. Lapansi, la zilembo zisanu ndi ziwiri zamkuwa, ndi la mlongo wanga, amene ine ndimangomutchula kuti a Tayi chifukwa cha mataye ake. Mwana amene ndinam'bereka kumbuyo ine. Anathawa mafiriji zaka zisanu ndi zinayi zapitazo n'kukakhala mu ofesi ya inshuwalansi, ndipo lero kompuresa ndi ketulo sangasiyanitse.

Nyama ya anthu ikuyamba fungo, ndikanatani? Ndamuimbira mlongo wangayo, ndapereka foni. Mawu ake ndikuwamva bwinobwino: "Muloleni agwire, ndamutuma ine. Akalakwitsa mundiuze."

Ndamutuma ine! Asa!

Vuto lake kanali kachipangizo koyatsira kompuresa, kanapsa. Mphindi makumi anayi chipinda chili zii kuzizira. Pochoka, mwini butchala ati, "Mukawathokoze abwana."

Zilembo zimenezo zichoka. Ndalemba pano kuti mawa ndisafewe mtima.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndawauza Bambo m'mawa, ali pampando wawo pakhomo la shopu, kapu ya tiyi pabondo. Aseka! Munthu ukuwauza zokuwawa, iwo akuseka mpaka tiyi kutayikira pathalauza.

"Kodi dzinalo limakulemera ukamakwera chitunda?"

Ndati limandilemera ndikatsika m'galimoto.

Apo kuseka kwatha. Kenako ati, "Chotsa. Koma penti ameneyo ndinasakaniza ndekha, ndinapopera ndekha. Ndidzapapasa ndi dzanja langa. Ndikapeza kamzere ngakhale kamodzi, makiyi upachike pamsomali. Vani ndim'patse mlongo wako agulitse, wakhala akundivutitsa kalekale."

Sakuseleula ayi, ndimawadziwa. Penti uja ndi wobiriwira wopita ku buluu, mtundu umene sugulitsidwa m'sitolo iliyonse. Anausakaniza ndi maso zaka khumi zapitazo, miyeso sanalembe paliponse, ndipo maso amene anasakaniza aja lero kulibe. Lamlungu lililonse amatsuka vaniyo okha, mopapasa, kansalu kofewa m'manja. Mbalame ikachitirapo amadziwa ine ndisanaone.

Ndipo popanda vani ine ndatha. Botolo la gasi, makina owotcherera, makwerero, firiji ya kasitomala, ndingazisenze pamutu?

Ndavomera. Iwo angoti, "Tiona," n'kupempha tiyi wina.

Lachitatu, 5 Novembala

Lero aliyense wa mumsewu muno ndi katswiri.

Womata matayala ati sikuludiraiva, "kungolowetsa n'kukanula basi." Mlonda wa pageti ati mpeni wa patebulo. Mayi wa pasaluni ati ndithire mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Mankhwala ochotsa utoto, pa utoto! Anthu awa akufuna ndiyende wapansi.

Masana ndapita kwa a Nyundo, owongola magalimoto, anzawo a Bambo akalekale. Iwo ndiye alankhula zamutu. Ndilembe ndisanaiwale:

Chitsulo chilichonse chisayandikire. Tsuka kaye, kamchenga kamodzi kamakanda kuposa mpeni. Tepi ya pepala kuzungulira zilembo. Tenthetsa ndi dilaya ya tsitsi, osaimitsa malo amodzi. Pakatentha poti chala sichingapirire, wapyola. Ulusi wa mbedza kuseri kwa chilembo, uzicheka uku ndi uku ngati ukudula sopo, ukukokera kwa iwe kuti usagone papenti. Guluu wotsala, chala chachikulu, kumukulunga pang'onopang'ono. Thina wosungunulira penti ayi. Chikhadabo ayi. Kufulumira ayi.

Pomaliza afunsa, "Galimoto ya ndani, mwanawe?" Ndawauza. Angoti "Hmm," n'kutola nyundo yawo.

Mayi wa pasaluni wandibwereka dilaya, koma wandilumbiritsa kuti ikabwera ikununkha girisi ndisadzadutsenso pakhomo pake.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndayeserera pa mafiriji akufa a kuseri kwa shopu. Koyamba ndatenthetsa kwambiri, kachizindikiro ka pulasitiki kakwinyika. Kachiwiri ulusi wandicheka chala, ndiye ndamanga nsonga zake pa timitengo tiwiri. Kachitatu, koma ndiye! Ulusi ukungotsetsereka, chizindikiro n'kugwera m'dzanja. Guluu ndakulunga ndi chala, watuluka timipira takuda. Pansi pake poyera, popanda kamzere.

Ndachotsa zisanu ndi chimodzi. Chala chachikulu chatuluka thuza koma ndikuseka ndekha.

Bambo ali pampando akumvetsera dilaya ikulira. "Watsegula saluni ya mafiriji?" Ine ndangopitiriza kukulunga guluu.

Lachisanu, 7 Novembala

Andikola. Bambo anga enieni andikola ngati mbewa.

M'mawa ndaimika vani pamthunzi, ndatsuka, ndamata tepi, ndatenthetsa chilembo choyamba cha a Tayi monga anandiuzira a Nyundo. Ulusi walowa pang'ono, waima. Ndacheka, waduka. Wina, waduka. Wachitatu, waduka n'kundikwapula patsaya. Ndinafika potola sikuludiraiva, ndithu, ndinaigwira m'manja. Mulungu yekha ndiye wandiletsa.

Ndakhala pabampala kuganiza. Guluu saduletsa ulusi choncho, umenewu ukugunda chitsulo. Ndatsegula chitseko, ndamasula chibolodi chotchinga mkati, ndawalitsa tochi.

Timanati. Chilembo chilichonse chili ndi timiyendo tiwiri toboola chitseko, tomangidwa ndi timanati, kanati kalikonse ndi kawashala kake. Khumi ndi tinayi, tondandalika bwinobwino, topakidwa girisi kuti tisachite dzimbiri.

Ndayang'ana pamwamba, kuseri kwa dzina la Bambo. Palibe kanthu, chitsulo chosalala. Lawo anangomata ndi guluu. La mwana wawo wamwamuna anaboolera galimoto.

Ndiye kuti ngakhale ndichotse mwaulemu bwanji, patsala mabowo khumi ndi anayi. Ankadziwa pamene ankati "Tiona." A Nyundo nawonso ankadziwa, "Hmm" uja ndi ameneyu. Madala awiri kundiyang'ana ndikubwereka dilaya, ndikudzicheka zala pa mafiriji akufa, osanena kanthu!

Zaka khumi ndi zisanu ndili m'shopu muno. Ndakwera madenga a masitolo dzuwa lili pamutu, ndalowa m'zipinda zozizira mpaka milomo kuchita buluu, ndagwidwa ndi magetsi katatu. Ine ngakhale kachilembo ka choko palibe. Zikundiwawa, ndipo sindibisa.

Loweruka, 8 Novembala

Ndawafunsa. Sindinazungulire.

"Bambo, bwanji simunandiuze kuti zili ndi manati?"

"Unandifunsa?"

Ndati chabwino, ndikufunsa tsopano: lanu munamata, lake munaboolera, chifukwa chiyani?

Ayamba za mkuwa. Ati zilembo zawo n'zapulasitiki, zopepuka, za a Tayi anagula zamkuwa, zolemera, guluu sankazigwira. "Ndinamata katatu, zinkangogwa. China tinakachitola pamsewu."

Ndati nanga munaboola liti?

Apukuta kukamwa ndi dzanja, pamene sanadye kanthu. "Sabata imene anayamba ku ofesi."

Ndakumbukira. Loweruka lake ndinkamva choboolera chikulira kuseri, ine n'kumati akukonza loko. Munthu wapita kale, wagula kale mataye ake, iwo ali kalikiliki kumangirira dzina lake ndi sipanala. Ine nthawi imeneyo ndili mkati ndikudzaza gasi m'firiji ya kasitomala.

Ndinafuna kuwamvera chisoni. Ndayesa. Koma mkwiyo ndiwo wafika msanga. Ndati, "Ndiye amene anachoka munam'manga ndi manati, amene anatsala simunamuone n'komwe." Ati, "Iwe sunkafunika kumanga." Kaya kumeneko n'kuyamika, kaya n'kunyoza. Ndatuluka, chitseko ndamenyetsa.

Lamlungu, 9 Novembala

A Tayi abwera kudzaona Bambo, ndi nsapato zosongoka ndi fungo la mafuta onunkhira lodzaza nyumba. Aona tepi pa vani.

"Sisi, mukutani ndi dzina langa?"

Ndati ndikukubwezera, ulipachike pakhomo la ofesi yako.

Ati dzinalo limandithandiza ine. Ati makasitomala amakhulupirira akaona kuti kuseri kuli mwamuna. Kenako choona chatuluka: anzake a ku ofesi akaiona vani mumsewu amati, "Bwana, galimoto yanu ija tinaiona," ndipo iye sawatsutsa. Wakhala akudyera thukuta langa pa tiyi wa ku ofesi zaka zonsezi!

Ndamupatsa sipanala ziwiri, ya teni ndi ya thetini. Ndati tandiuza ya teni ndi iti, osawerenga. Waseka, ati, "Sisi, inu mumakonda ndewu." Waziika pansi, n'kupukuta zala ndi kampango.

Pochoka wawanong'oneza Bambo, koma ine makutu ndili nawo: "Akangokanda mundiimbire, wogula ndili naye kale."

Bambo lero vani sanatsuke. Angokhala.

Lolemba, 10 Novembala

Mafiriji atatu, shopu ya ayisikilimu imodzi. Ndayenda tsiku lonse ndi tepi kuchitseko ngati galimoto yovulala. Ndi Bambo tangopatsana moni.

Lachiwiri, 11 Novembala

Zachoka.

Ndaganiza kuti mabowo ndi mabowo, kamzere ndi kamzere. Iwo anati kamzere. Mabowo anaboola okha, si mlandu wanga.

Ndayamba itangokwana seveni. Sipanala yaing'ono kwambiri m'bokosi, ija sindinaigwiritsepo ntchito. Timanati tamasuka mosavuta, girisi wa Bambo akadali wofewa. Koma zilembo sizinagwe, chifukwa pansi pake pakadali guluu wakale uja wa katatu. Ndiye dilaya, ulusi mpaka pa kamwendo, kuzungulira, ulusi mbali inayo. Kenako kukankha timiyendo kuchokera mkati ndi kamtengo, dzanja lina lili panja kudikira kuti chilembo chisapendekeke n'kukanda. Chimodzi mphindi makumi awiri. Chachinayi chinakakamira, ndinachita kuchinyengerera ngati mwana wokana mankhwala.

Guluu wa zaka khumi si wa pafiriji. Thuza laphulika, ndasinthira chala cha kumanzere, nachonso chatupa. Pena ndimafuna kungokanda ndi chikhadabo kamodzi kokha. Ndimaluma mlomo n'kupitiriza kukulunga.

Itakwana wani koloko zonse zisanu ndi ziwiri zili m'chitini. Ndatsuka ndi sopo, ndapukuta, ndayang'ana chopendekera ndi tochi. Kamzere palibe. Palibe!

Ndabwerera m'mbuyo masitepe asanu kuti ndione ntchito yanga, ndipo ndangoti kakasi.

Dzina lilipobe. Dzuwa la zaka khumi lasulutsa penti wa chitseko chonse, koma pansi pa zilembo silinafikepo. Ndiye a Tayi alembedwa pamenepo ndi penti watsopano, wobiriwira wowala, chilembo chilichonse ndi timabowo take tiwiri. Akuwerengeka kuposa kale. Womata matayala wadutsa, waliwerenga mokweza, ati, "Mwalipentanso? Lakongola."

Ndinafuna kum'ponyera chitini.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndapita nayo kwa a Nyundo. Ndayamba ndi kuwakalipira za "Hmm" wawo. Ati, "Ndinawagwirira chitseko tsiku limene ankaboola. Zinali zoti akuuze okha."

Ayang'ana, apapasa, agwedeza mutu. Ati ntchito yaukhondo, ngakhale iwo sakanaposa. Za mthunzi wa dzinawo ati njira ndi imodzi: kupala penti wosuluka wa chitseko chonse ndi polishi wokhakhala mpaka afanane ndi wapansi pa zilembo. Koma penti wa Bambo ndi wopyapyala, anapopera ndi makina a mafiriji. "Ukapala, m'makona mutuluka chitsulo. Ndipo mabowowo usagone nawo, mvula yayandikira. Dzimbiri likalowa, chitseko chatha."

Ndiye ndi izi. Ndikasiya, dzina lilipo ndipo chitseko chiola. Ndikapala, ndawononga penti, makiyi pamsomali. Kulikonse a Tayi apambana, ali khale pampando wozungulira.

Pobwerera maganizo oipa anandibwerera. Bambo saona. Mthunzi sumveka m'dzanja. Ndingotseka mabowo ndi timapulagi ta labala, ndiwauze kuti zatheka, apapase, makiyi akhale anga. Iwo adziwa bwanji kuti dzina likuonekabe?

Koma wa butchala aliwerenga. Ndipo ine ndiziliona m'mawa uliwonse.

Bambo afunsa kuti vani ili kuti. Ndati mawa.

Lachinayi, 13 Novembala

Kwacha ndi mitambo. Ndaimika vani pakhomo la shopu, ndawagwira Bambo pamkono mpaka kuchitseko.

Asamba m'manja kaye, apukuta. Ayamba pamwamba, padzina lawo, atsika pang'onopang'ono ndi nsonga za zala. Apita uku, abwerera, apitanso. Pabowo lililonse chala chimaima pang'ono. Ndimawamva akuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera, mpaka khumi ndi anayi.

"Wagwiritsa chiyani?"

"Dilaya, ulusi ndi chala."

Andigwira dzanja, apeza chala chachikulu chomanga pulasitala, achisiya. "Kamzere palibe. Makiyi ndi ako."

Ndikanangoti zikomo n'kukhala chete. Koma pakamwa panga sipandimvera. Ndati, "Dzina lilipobe, Bambo." Ndawauza zonse, za dzuwa, za penti wowala, za womata matayala, za a Nyundo. Ndawauzanso kuti dzulo ndinaganiza zowanamiza. Ndinali wokwiya, kaya ndi iwo, kaya ndi dzuwa.

Aika chikhatho chonse pamalopo.

"Ndiye pamenepa pali mtundu weniweni uja? Wa tsiku loyamba?"

"Eya."

"Ukuoneka bwanji?"

Ndati ndi wokongola, Bambo. Sindinaname. Ndinali nditaiwala kuti vani inali yotero.

Aima choncho, dzanja pachitseko. Kenako ati, "Mushelefu yachiwiri, kuseri kwa mabotolo a gasi, muli sandipepa. Tenga yokhakhala, ndi kathabwa."

Ndabweretsa, ndikuganiza kuti akufuna kusalaza m'mphepete mwa mabowo. Akulunga sandipepa pakathabwa, apapasa bowo loyamba, aika pamenepo, n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse. Khwaa! Mzere woyera kudutsa pakati pa chilembo.

Ndakuwa. "Bambo, penti!"

"Ndi wanga. Iwe sunakande, ndakanda ndine." Khwaa, kachiwiri. Fumbi lobiriwira likugwera pansapato zawo. "Mabowo titseka lero mvula isanagwe. Upopera ndiwe, ndizikuuza ndi khutu ngati wayandikitsa kwambiri."

Ndati mtunduwo sitingaupezenso, chitseko sichifanana ndi vani.

"Ndani wati chifanane? Ukasankhe wako." Apuma pang'ono, akupumira m'mwamba. "Dzina langalo ulitenthetse masana. Silikuvutitsa, ndinangomata."

Pamenepo mkwiyo wonse wa sabata ndi theka unandithawa, n'kundisiya ndilibe chogwira. Ndati lanu likhale. Ati chitseko sapopera ndi zilembo, kodi ndinakuphunzitsa chiyani? Misozi yatsika ndithu, ndipo ndinayamika kuti sakundiona, mpaka atati, "Leka kufwenthera, fumbi lilowa m'mphuno."

Dzanja lawo linayamba kusochera, kupita kumene kulibe kanthu. Ati, "Tandigwira apa, sindikudziwa pamene dzinali lathera."

Ndaika dzanja langa pamwamba pa lawo, ndalibwezera pa chilembo chachiwiri, ndipo tayamba kupala.